Kodi Mawu a Makolo Angapengetse Mwana?

Kum'mawa kwa boma la Kasungu kuli dziko la Mfumu Wimbe, dziko lathyathyathya kumene anthu amalima chimanga, mtedza ndi fodya. M'chaka cha 2002, njala itangosautsa midzi yonse ya kumeneko, mnyamata wa m'mudzi wa Masitala, dzina lake William Kamkwamba, adayamba kutola zitsulo zotayidwa ndi kuzisenza kunka nazo kwawo. Anthu pomuona adapukusa mitu nati mwanayu wapenga, ndipo ena adati akusuta chamba. Koma pamene makina ake a mphepo adayamba kuzungulira ndi kuyatsa getsi, onse aja adakhala chete, ndipo lero dzina la Wimbe lidziwika kutali chifukwa cha iye. Liwu lakuti misala ndi lopepuka pakamwa, ndipo anthu amaliponyera aliyense wochita zosazolowereka.

Koma ilipo nthenda yeniyeni ya maganizo imene sichoka ndi kuseka kapena kudzudzula. Madotolo amaitcha schizophrenia, dzina limene adalipeka dotolo wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, mu 1908. Bungwe la World Health Organization, loona za umoyo pa dziko lonse, lidawerengera mu 2022 kuti mwa anthu 300 alionse mmodzi ali nayo. Sisankha mtundu kapena khungu. Ipezeka ku London monga ipezeka ku Chamama, ndipo kawirikawiri imayamba pa unyamata, munthu atatsala pang'ono kumanga banja lakelake. Si chimodzimodzi ndi khunyu, kapena kubwebweta kwa wodwala malungo aakulu, kapena phokoso la woledzera kachasu, ngakhale anthu ambiri amaika zonsezi m'dengu limodzi.

Nali fanizo la m'mene nthendayi imadzera, ndipo wowerenga angathe kuikapo nkhope imene aidziwa. Mnyamata wa zaka 19, amene kale adali kulawirira kudambo ndi atate ake kukathirira nazale ya fodya, ayamba kukhala yekha kuseri kwa chigafa. Saseweranso mpira, sasamba, ndipo usiku sagona. Patapita miyezi amveka akuyankha munthu amene ena samuona. Akana nsima ya amake, nati muli mankhwala. Anena kuti wailesi ikukamba za iye, ndi kuti anthu a pa msika akudziwa zonse za mumtima mwake. Nkhani yake iyamba bwino koma sifika kumene imapita, monga kanjira kotayika m'tchire. Kwa iye mawu amene akumvawo ndi enieni ngati kulira kwa tambala, ndipo kumuuza kuti akunama kuli ngati kuuza munthu wopsa kuti moto sutentha.

Wachita ndani?

Tsoka lotere likagwa pa khomo, funso loyamba la anthu silikhala lakuti, ndi nthenda yanji imeneyi? Limakhala lakuti, wachita ndani? Ndipo chala sichiloza kutali. Ngati atate a mnyamatayo adagulitsa bwino mabelo awo ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, nagula ngolo ndi malata, anthu amanong'onezana kuti adakhwimira mwana wawo kuti alemere. Ngati pakhomopo palibe chuma, chala chimagwera agogo aakazi amene akalamba kwambiri, kapena atsibweni amene adakangana ndi mlongo wawo pa nkhani ya munda. Munthu wina wophunzira za miyambo, Max Marwick, adakhala pakati pa Achewa a kufupi ndi Chipata, m'dziko la Zambia, ndipo m'buku lake la mu 1965 adaonetsa kuti milandu yambiri ya ufiti idali pakati pa abale a bere limodzi, osati pakati pa alendo. Munthu saopa mfiti ya kutsidya kwa Bua. Amaopa amene adya naye m'mbale imodzi.

Wina angayese kuti kufunafuna wolakwa m'banja ndi khalidwe la anthu osapita ku sukulu. Iyayi. Anthu ophunzira kwambiri a ku Ulaya ndi ku America adayenda njira yomweyo kwa zaka zoposa 20, kungoti m'malo mwa nyanga ndi zithumwa iwo adanena za mawu.

Mu 1948 dotolo wamkazi, Frieda Fromm-Reichmann, amene adathawa ku Germany nakagwira ntchito pa chipatala cha Chestnut Lodge ku America, adalemba kuti muzu wa nthendayi uli mwa mayi wa mtima wozizira, amene amalamulira mwana pa chilichonse koma osamulandira ndi mtima wonse. Ganizo limeneli lidafala msanga m'masukulu a madotolo. Kenaka mu 1956 Gregory Bateson, Mngelezi amene adayamba waphunzira miyambo ya anthu a ku New Guinea ndi ku Bali, adalemba nkhani pamodzi ndi anzake atatu, Don Jackson, Jay Haley ndi John Weakland, ali ku Palo Alto m'chigawo cha California. Chiphunzitso chawo adachitcha double bind, ndiko kunena kuti kumangidwa pawiri. Iwo adati mwana akakulira m'nyumba m'mene pakamwa pakunena china, nkhope ndi manja zikunena china chotsutsana nacho, ndipo mwanayo saloledwa kufunsa kapena kuthawa, mutu wake udzasokonezeka, pakuti chilichonse chimene angachite walakwa. Adapereka chitsanzo cha mnyamata wodwala amene amake adadza kudzamuona ku chipatala. Iye pokondwa adawakumbatira, koma mayiyo adaumitsa thupi. Mnyamata atabweza mkono, mayi adamufunsa ngati waleka kuwakonda, ndipo atachita manyazi adamudzudzulanso chifukwa cha manyaziwo. Mayi atangochoka, mnyamatayo adamenya wantchito wa m'chipatala.

Kumangidwa pawiri kotere si kwachilendo kwa Mchewa. Mkamwini amauzidwa ndi eni mbumba kuti, “Khalani omasuka, alamu, pano mpanu,” koma tsiku limene adula mtengo osapempha, mudzi wonse umamukumbutsa kuti iye ndi wobwera. Atate amaitana mwana nati, “Nena zoona, sindikumenya,” chikoti chili kumbuyo. Mnyamata amauzidwa kuti wakula, adziganizire yekha, koma akapempha ndime yakeyake ya fodya amamuyesa wamwano. Aliyense amene adakodwapo mu msampha wotere adziwa kuwawa kwake, ndipo nchifukwa chake chiphunzitso cha Bateson chimamveka choona munthu akangochimva.

Nkoyenera kuwachitira chilungamo anthu amenewa, pakuti sadali ankhanza. M'masiku awo odwala misala adali kutsekeredwa ngati akaidi. M'dziko la Malawi lomwe, malo oyamba osungirako odwala otere adatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya ku Zomba, ndipo chipatala chenicheni cha Zomba Mental Hospital chidadza mu 1953. Pa nthawi imene ambiri adayesa zonena za wodwala phokoso chabe, Fromm-Reichmann adali kukhala pansi maola ambiri kumvetsera, ndipo Bateson adaumirira kuti m'mawu osokonezekawo muli tanthauzo. Akale adanena zomwezo m'mwambi wakuti wamisala adaona nkhondo. Cholinga chidali chachifundo ndithu. Koma chifundo kwa mwana chidasanduka mlandu kwa mayi, ndipo mlandu umafuna mboni.

Mlandu pa bwalo

Mfumu yanzeru sigamula mlandu chifukwa chakuti wodandaula walankhula mokoma. Imafunsa mafunso, ndipo chiphunzitsochi chitaimikidwa pa bwalo, mafunso ena adachivuta kuyankha. Ngati mawu opingasa ndiwo apengetsa, nanga bwanji m'nyumba ya ana 7, amene onse adayamwa bere limodzi namva pakamwa pamodzi, adwala mmodzi yekha? Ndipo popeza palibe khomo ku Wimbe kapena ku California limene silidalankhulepo pawiri, bwenzi midzi yonse ili ya amisala, akamwini atatsogola.

Funso lina ndi lakuti chidayamba nchiti. Ofufuza aja adaona mabanja pamene nthenda idali itakhala kale m'nyumba zaka zingapo. Mayi amene waumitsa thupi pokumbatiridwa mwina ndi yemwe mwana yemweyo adamunena dzana kuti amamuthirira mankhwala mu nsima. Mayi amene watha miyezi osagona, akumvetsera ngati chitseko chatseguka usiku, mawu ake sangakhale owongoka. Mlendo wofika pa mudzi nyumba itapsa, napeza mwini nyumba ali ndi phulusa m'manja, asafulumire kunena kuti ndiye adayatsa. Kapena adali kuzima. Mu 1975 madotolo awiri a ku London, Steven Hirsch ndi Julian Leff, adasanthula zimene anzawo adalemba za makolo a odwala, ndipo sadapeze umboni wokwanira wakuti kalankhulidwe ka makolo ndiko kamayambitsa nthendayi.

Mboni yamphamvu koposa idachokera kwa ana oleredwa ndi anthu ena. Mu 1966 Leonard Heston adalengeza zimene adapeza polondola ana 47 obadwa kwa amayi odwala schizophrenia m'chigawo cha Oregon, amene adatengedwa ali makanda a masiku owerengeka kukaleredwa kwina. Ana amenewa sadakule akumva mawu a amayi awo owabala. Komabe atakula, 5 mwa iwo adadwala nthenda yomweyo. Mwa ana ena 50 oleredwa mofanana, koma obadwa kwa amayi osadwala, sadadwale ndi mmodzi yemwe. Zofufuza za ku Denmark za mu 1968 zidaloza komweko. Mapasa nawonso aphunzitsa kanthu. Pa mapasa ofanana kotheratu, mmodzi akadwala, mnzake amadwalanso pafupifupi pa theka la mapasa otere, kapena kucheperapo; pa mapasa osafanana ngoziyo imachepa kwambiri. Apa pali zinthu ziwiri zoti wowerenga azigwire pamodzi. Chibadwa chili ndi mphamvu yaikulu. Koma chikadakhala chibadwa chokha, bwenzi mapasa ofanana akudwala onse awiri nthawi zonse.

Zina zowonjezera ngozi zadziwikanso: kubadwa movutikira mwana nasowa mpweya, kusuta chamba kwambiri pa unyamata, nkhanza zenizeni monga kumenya mwana koopsa ndi kumugwirira, ndiponso njala yaikulu mayi ali ndi pakati. Ana amene adali m'mimba pa njala yoopsa ya ku Holland ya mu 1944 ndi 1945 ngozi yawo idawirikiza kawiri. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chili chokwanira pachokha, ndipo ambiri okomana nazo sadwala. Nthendayi imagwira ubongo, ndipo nchifukwa chake mankhwala otchedwa chlorpromazine, amene madotolo a ku Paris adayamba kupatsa odwala mu 1952, amatha kuziziritsa mawu osaonekawo, chinthu chimene uphungu wokha sudathe kuchita.

Pano pali dzenje lina loyenera kulilambalala. Bambo wina akamva za chibadwa adzatembenukira mkazi wake nati, “Ndi magazi a kwanu amenewa.” Koma chibadwa chimachokera mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri odwala nthendayi alibe kholo lodwala. Ngakhale pamene kholo limodzi lidwala, mwa ana 10 pafupifupi 9 sadwala. Ndiponso palibe munthu adasankhapo magazi ake, kotero kumuimba mlandu wa magazi kuli ngati kumuimba mlandu wa msinkhu wake.

Mtengo wa chiphunzitso cholakwika adalipira ndi amayi. Ku America amayi ambiri adapita ku chipatala kukafuna thandizo, nabwerako atauzidwa kuti ndiwo adadwalitsa ana awo. Mu 1979 makolo otopa ndi kunenezedwa adasonkhana ku Madison, m'chigawo cha Wisconsin, nayambitsa bungwe lotchedwa NAMI, loimira mabanja a odwala. M'midzi ya kuno mtengo wa kuloza chala umalipiridwa mwa njira ina. Ndalama za fodya zimathera kwa oombeza ula, mbuzi zimapita, agogo amathamangitsidwa pa mudzi, abale amaleka kupalana moto, ndipo nthawi yonseyi mnyamata ali chimangire pa mtengo wa mango. Miyezi imapita asanaone dotolo, chonsecho madotolo apeza kuti nthendayi ikachedwa kuchizidwa imavuta kwambiri kuiweta. Lamulo la mu 1911 lonena za ufiti lidaletsa kutchula munthu mfiti, koma lamulo silimva zonong'onezana za ku chitsime.

Koma mawu ali ndi mphamvu

Tsono kodi makolo asambe m'manja, nati pakamwa pawo palibe kanthu? Apa mpamene nkhaniyi ivutira, pakuti yankho lake ndi lakuti iyayi.

M'zaka za m'ma 1950 George Brown wa ku London, amene sadali dotolo koma wophunzira za kakhalidwe ka anthu, adalondola amuna otuluka m'zipatala za misala kuti aone amene akhalitsa kunja. Adadabwa kupeza kuti opita kwa makolo kapena kwa akazi awo adabwerera ku chipatala kawirikawiri koposa okakhala kwa abale ndi alongo awo kapena m'nyumba zalendi. Iye ndi anzake adayamba kucheza ndi achibale, kumvetsera m'mene akambira za wodwala, ndi kuwerenga mawu otonza mmodzimmodzi. Adapeza kuti nyumba zovuta ndi zimene muli kudzudzula kosaleka, kapena udani woonekera, kapena kudera nkhawa kopitirira muyeso, kumene mbale samulola wodwala kupuma yekha. Mu 1976 Christine Vaughn ndi Julian Leff, ataphatikiza zopeza zawo ndi za Brown, adaona kuti m'miyezi 9 pafupifupi theka la odwala a m'nyumba zotentha chotere adadwalanso, pamene m'nyumba zofatsa adadwalanso 13 okha mwa 100 alionse. Adaonanso kuti wodwala womwa mankhwala ake, amenenso ali ndi kopita masana kotero kuti sayang'anizana ndi achibale tsiku lonse, adatetezeka ndithu ngakhale m'nyumba yaphokoso.

Ku Finland, Pekka Tienari adalondola kwa zaka zambiri ana a amayi odwala oleredwa ndi anthu ena, ndipo mu 2004 adalengeza kuti mwa ana amenewa oleredwa m'mabanja amtendere adadwala ochepa, koma oleredwa m'mabanja a mikangano adadwala ochulukirapo. Pamene ana opanda chibadwacho mikangano sidawadwalitse chotero. Motero Bateson sadaname kotheratu. Adaona utsi weniweni, koma adalakwa poloza kumene moto udayambira. Mawu a m'nyumba paokha sabala nthendayi, koma amatha kuikolezera kapena kuifooketsa mwa munthu amene ali nayo kale m'thupi.

Mlimi wa fodya angamvetse msanga chimene chikunenedwa apa. Matalala akagwa mu Febuluwale nang'amba masamba, palibe mfumu ingamuimbe mlandu mwini munda. Koma akathyola masamba otsalawo, nawasoka, nawapachika m'chigafa chodontha, fodya adzaola, ndipo pamenepo anthu adzafunsa za denga, osati za matalala. Mlandu umayang'ana kumbuyo, nufunsa amene adachita. Udindo umayang'ana chimene chili m'manja lero. Achewa adziwa kusiyana kumeneku kuyambira kale, pakuti mwini mbumba amasenza matenda, maliro ndi ngongole za ana a mlongo wake amene iye sadawabale ndipo sadawalakwire, ndipo palibe amene amati walodza chifukwa wasenza. Chovuta nchakuti pa nthenda ya misala zinthu ziwirizi zimasokonezeka. Mayi akauzidwa kuti asinthe kalankhulidwe amamva ngati akumuneneza, ndipo pofuna kudziyeretsa amakana kusintha, kapena amaloza wina. Munthu woimirira pa bwalo la milandu sangamve malangizo, pakuti makutu ake ali pa kudziteteza. Ayambe wamasulidwa ku mlandu, ndipo pamenepo adzatha kusenza udindo.

Wowerenga abwerere ku nyumba ya mnyamata wa m'fanizo lija. Wabwerako ku chipatala, ndipo mawu osaoneka aja achepa, koma iye agona mpaka dzuwa litakwera, ayenda mokoka miyendo, manja akunjenjemera. Atate ake, amene ali ndi fodya wofuna kusankha ndi ngongole ya feteleza, apsa mtima. “Iwe, anzako onse ali ku munda, ntchito yako nkudya basi. Wandichititsa manyazi pa mudzi pano.” Sadziwa kuti kufookako ndi mbali ya nthenda yomweyo, ndi kuti kwina kukuchokera ku mphamvu ya mankhwala, imene dotolo angathe kuichepetsa akauzidwa. Ofufuza apeza kuti achibale odzudzula kwambiri ndi amene amakhulupirira kuti wodwala akuchitira dala. Amake nawo, chifukwa cha chikondi, amutsata ngakhale popita kuthengo, amuyankhira mafunso onse, nalira pamaso pake. Onse awiri amukonda, ndipo onse awiri akumulemetsa katundu.

Tsiku lina afika atsibweni ake nakhala pa khonde. Safunsa zambiri. Ati, “Mphwanga, tiye undithandize kusankha masamba awa, ukatopa upume.” Mawu ochepa, ntchito imodzi pa nthawi imodzi. Mnyamata akanena kuti wailesi ikumunena, atsibweni samuseka, satsutsana naye, ndiponso savomera bodza. Angoti, “Ine sindikumva zimenezo, koma ndaona kuti zikukuopsa. Tikawauze adotolo.” Kalankhulidwe kotere si mphatso ya anthu owerengeka okha, kamaphunzirika. Mu 1982 Leff ndi anzake adaonetsa kuti mabanja akaphunzitsidwa za nthendayi, nakomana ndi mabanja ena a vuto lomwelo, odwala awo omwa mankhwala amadwalanso mocheperapo kwambiri.

Ku Nigeria, dotolo Thomas Adeoye Lambo adayamba mu 1954 kugoneka odwala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro, pafupi ndi Abeokuta, aliyense ali ndi mbale wake womusamala, ndipo adagwira ntchito pamodzi ndi asing'anga a m'midzimo. Iye adayesa banja mankhwala pa zaka zomwezo zimene anzake a ku America adaliyesa chiphe. Mudzi wa Chichewa uli ndi chuma chimene Lambo adachiona. Makomo ali ambiri. Mayi akatopa alipo amayi aang'ono, agogo ndi alongo, ndipo wodwala angathe kuchoka pa khonde lotentha nakakhala pa khonde lozizira osatuluka m'mudzi. Ntchito nazo zilipo za msinkhu uliwonse, kuyambira kusenda mtedza kufikira kudinda mabelo. Koma chuma chimenechi ndicho chimene kuloza chala kumawononga poyamba. Atsibweni amene adatchulidwa mfiti chaka chatha sadzabwera kudzakhala pa khonde chaka chino, ndipo agogo amene adathamangitsidwa sadzaphikanso phala. Banja likamaliza kufunafuna wolakwa, limapeza kuti mayi watsala yekha ndi wodwala.

Pali dandaulo limodzi losayenera kubisidwa. Nkwapafupi kulemba m'buku kuti mayi afatse ndi kuti atate achepetse mawu. Mayi ameneyo ali ndi ana ena, munda wosapalira, ndi mantha a usiku uliwonse. Atate aona ndalama za chaka chonse zikutha. Munthu wotopa amakalipa, ndipo sichikhala chizindikiro cha mtima woipa. Ngati zopeza za Brown zisanduka ndodo yatsopano yokwapulira makolo nthawi iliyonse mwana akadwalanso, ndiye kuti chiphunzitso cha mu 1948 chabwerera polowera khomo la kuseri. Odwala ena amadwalanso m'nyumba zofatsa kwambiri. Ena amadwalanso chifukwa mankhwala adatha, kapena chifukwa ndalama ya ulendo wa ku boma idasowa, kapena chifukwa adabwerera ku chamba. Mwa odwala nthendayi ena amachira nakwatira nalima ngati anzawo, ena amadwala nthawi ndi nthawi, ndipo ena amafuna chisamaliro moyo wawo wonse, ngakhale abale atachita zonse zoyenera. Wolangiza banja lotere, kaya ndi namwino, mphunzitsi, mbusa kapena nyakwawa, ayambe wafunsa amene adagona usiku wapitawo asanayambe kuphunzitsa za kalankhulidwe.

Thandizo la mankhwala limayambira pa chipatala cha pafupi ndi pa chipatala cha boma ku Kasungu, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba kapena kwa a St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Alipo mapilitsi a tsiku ndi tsiku, monga chlorpromazine ndi haloperidol, ndiponso jakisoni wa mwezi ndi mwezi kwa amene amaiwala kumwa. Mankhwalawa saleka pa tsiku limene wodwala waoneka bwino, koma pamene dotolo wanena. Chotero ulendo wa ku chipatala umabwera mwezi uliwonse, ngakhale m'nyengo yothyola fodya pamene dzanja lililonse likufunika m'munda.

M'nyumba ya m'fanizo lija nkhani ya ulendo umenewu ikambidwa madzulo, mbumba yonse itakhala pa bwalo. Atsibweni atenga mwezi woyamba, popeza ali ndi njinga. Mlongo wamkulu wa mnyamatayo atenga wachiwiri. Amayi aang'ono ati adzagona pa khomopo kawiri pa sabata kuti akulu awo aoneko tulo. Atate, amene akhala chete nthawi yonseyi, ati ndalama ya ulendo idzachokera pa belo loyamba. Atakambirana nthawi yaitali za iye, wina akumbukira kuti mwini nkhani ali pomwepo, atatsamira chipupa, ndipo amufunsa ngati ali ndi mawu.

Mnyamatayo achedwa kuyankha, monga amachitira masiku ano, ndipo amake atsegula pakamwa kuti amuyankhire, koma atsibweni awagwira pa mkono. Potsiriza iye ati akufuna mizere ingapo ya mtedza kumapeto kwa munda, yakeyake, ndi kuti ana a pa mudzi aleke kumuitana dzina lija, amuitane dzina lake.